A Dzuka Sankanena Popweteka

M'nyumba ya mlamu wanga munalibe munthu wodwala. Sikuti matenda ankailambalala. Ankalowa monga alowera m'nyumba iliyonse, koma ankapeza kuti palibe wowatchula. Mlongo wanga anakhala ndi bambo amenewa kuyambira ali mtsikana mpaka mutu unayera, ndipo chimene ankafuna kwa iwo chinali chimodzi: kuti tsiku lina atsegule pakamwa n'kunena kuti apa pakundipweteka. Mlamu wangayo tinawaika m'manda chaka chatha. Ena alankhula kale zowatamanda, ndipo sananame. Koma sananene zonse.

Anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya sekondale, ndipo ana akaweruka ankaphunzitsa anyamata mpira. Ntchito ziwirizi anazigwira pa sukulu imodzimodziyo mpaka anapuma. Dzina lawo lenileni linkadziwika ku ofesi kokha. Kwina konse anali a Dzuka, ndipo ngakhale mkazi wawo akapsa mtima ankawaitana choncho.

Dzinalo linachokera pa ndowa. Atafika pasukulupo ali mnyamata, timu inalibe kanthu. Bwalo linali lotsetsereka, kumtunda miyala, kumunsi matope. Anyamata odziwa kumenya mpira anali ongokwanira timu, wodikira pa benchi panalibe. Machira kunalibe, mankhwala kunalibe. Chimene anapeza m'kachipinda kosungira katundu, kuseri kwa madesiki othyoka, chinali ndowa yamalata ndi chinkhupule. Ndiye mnyamata akagwa, iwo ankathamanga ndi ndowa ija, kumuthira madzi ozizira pakhosi ndi pamene wagwirapo, n'kumukoka mkono.

"Dzuka! Palibe chathyoka. Ukagona iwe, anzako atsala khumi."

Nthawi zambiri ankanena zoona. Mnyamata wa msinkhu umenewo amagwa kuti atsikana amuone. Madzi akamufika kumsana amaiwala kuti anagwira bondo liti.

M'kalasi zinali chimodzimodzi. Mwana akalephera samu n'kugoneka mutu pa desiki, ankamva choko chikugogoda pafupi ndi khutu lake. "Dzuka. Bolodi ilo." Ankaima naye pabolodipo mpaka samu itatheka, belu lilire lisalire. Ambiri amene lero ali m'maofesi anadutsa pa bolodi limenelo akulira. Mnyamata wina atasiya sukulu n'kuyamba kunyamulira anthu katundu pa siteji ya basi, a Dzuka anamupitira m'mawa atavala taye. Sanamukalipire. Anangoima pambali pake, iye akasuntha iwo n'kusuntha, mpaka mnyamatayo anatula thumba la mwini n'kuwatsatira. Ameneyo anadzakhala kapiteni wa timu, kenako mphunzitsi pa sukulu yomweyo, ndipo mpaka lero anthu amamutcha Kapiteni. Ukanenera a Dzuka zoipa iye akumva, uyambe wayang'ana pothawira.

Timu inayamba kupambana. Masukulu ena ankadana nako kubwera, poti anyamata awo ukawagwetsa ankadzuka iwe usanatembenuke. Anatenga chikho kangapo. Zikhozo zili pa shelefu mu ofesi ya ahedi, zachita dzimbiri.

Koma panali mnyamata wina wosewera kutsogolo, wowonda, waliwiro, amene anzake ankamutcha Mphezi. Pa mpira wina wa chikho, wotchinga kumbuyo wa timu inayo anamuponda pa bondo. Amene anali pafupi amati kunamveka ngati munthu wathyola nthambi youma. A Dzuka anafika ndi ndowa. Anathira. Anakoka mkono.

"Aphunzitsi, likupweteka."

"Likupweteka aliyense. Dzuka."

Anadzuka. Anasewera mpaka mpira kutha, akukoka mwendo, anthu akuwomba m'manja. Timu inapambana. Bondo silinabwererenso. Mphezi anamaliza sukulu akutsimphina, ndipo lero amasoka nsapato pa khonde la sitolo ina, mwendo umodzi atautambasula chifukwa supindika.

Mlamu wanga sanaitchulepo nkhani ya bondolo, kwa mwini wake kapena kwa wina aliyense. Chimene ankachita n'chakuti mpira wa sukulu ukang'ambika ankaunyamula okha kupita nawo kwa Mphezi, ngakhale panali osoka ena pafupi. Ankaima pakhondepo manja kumbuyo, n'kumakamba za magemu a sabata yatha. Maso awo ankapita paliponse, pa msewu, pa denga, pa nsapato za eni, kupatula pa mwendo uja.

Kunyumba kunalibe ndowa, koma lamulo linali lomwelo. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi. Atadwala malungo ali wamng'ono, bambo ake anamugwira pamphumi n'kunena kuti ndi ulesi wa Lolemba. Anapita ku bwalo. Mlongo wanga anamubereka yekha mwanayo mpaka kuchipatala, kumene anamugoneka n'kumuika diripi. A Dzuka anafika dzuwa litapendeka, wezulo ili m'khosi, n'kuima kumiyendo kwa bedi. Ndinalipo. Anamuyang'anitsitsa mwanayo. Koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Mawa adzuka ameneyu." Mwanayo atakula anakwatiwa kutali. Akaimba foni amafunsa za mayi ake.

Mlongo wanga nayenso anazolowera kudwala mobisa. Mapiritsi ake ankawasunga m'chitini cha ulusi ndi mabatani, ndipo ankamwa bambo ali kuntchito, ngati munthu wakuba m'nyumba mwake momwe.

Sindikunena kuti anali munthu wankhanza. Sanamenyepo mkazi kapena mwana. Mowa sankamwa. Denga likadontha ankakwera okha tsiku lomwelo. Anangokhulupirira kuti ululu ndi mlendo amene ukamupatsa mpando sachoka.

Zawo zinayamba atatsala pang'ono kupuma ntchito. Choko chinkawapulumuka m'manja ali pa bolodi. Ana ankaseka, iwo n'kutola, n'kupitiriza. Mlongo wanga anadziwa za mutu osauzidwa, chifukwa ankawapeza kubafa atawerama, akudzithira madzi kunkhongo.

"Bambo, ndi mutu kodi?"

"Kutentha."

"Mwezi wozizira ngati uno?"

"Inu mukumva kuzizira, ine ndikumva kutentha. Tikangane?"

Anabwera kwa ine. "Achimwene, kalankhuleni ndi alamu anu. Ine pakamwa pauma. Mwina mawu a mwamuna mnzawo awamva."

Ndinawapeza m'kachipinda ka katundu kaja, mukununkha zikopa ndi masokosi, akupopa mpira ndi dzanja lamanzere.

"Alamu, lamanja lapita kutchuthi?"

"Ndikuphunzitsa lamanzereli. Timu yabwino imasewera mbali zonse."

"Tiyeni mukayezetse kuthamanga kwa magazi. Ndikuperekezani. Ine ndimapita, sindinafe."

"Inu alamu mumapita chifukwa mulibe chochita. Munthu amapita kuchipatala ali bwinobwino, n'kubwerako atanyamula matenda atatu ndi pepala."

"Mlongo wanga sakupeza tulo."

"Ndiye mupite naye iyeyo."

Anaseka. Pachilamu nkhani zambiri zimathera pa kuseka, ndipo iyi inathera pomwepo.

Atapuma ntchito, timu anaitenga Kapiteni. Koma a Dzuka sanachoke pa bwalo. Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa sukulu, ndipo masana aliwonse ankadutsa pa kachipata n'kukaima pa mzere. Kapiteni ankasankha osewera, koma ndowa ankawasiyira iwo. Palibe akanayerekeza kuigwira.

Loweruka lina masana kunali mpira waukulu, ndipo anyamata awo akale ambiri anabwera kudzaonerera. Ine sindinalipo. Zimene ndikulembazi anandiuza Goloboyi, amene kale ankatchinga pagolo, pano ali ndi butchala, chimunthu chodzaza chitseko.

Timu inali itagoletsedwa. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, a Dzuka anatsegula pakamwa kuti akuwe, mawu osatuluka. Ndowa inagwa. Iwo anatsatira, chammbali.

Tsono taganizani anthu amene anawathamangira. Onse anali anyamata awo. Wina mphunzitsi, wina dalaivala, wina kalaliki, amuna a ndevu ndi mabanja awo. Galimoto zinalipo m'mbali mwa bwalo. Palibe anaganiza za galimoto. Kapiteni anatola ndowa, anapeza madzi atayika, anathamangira ku mpope kukatunga ena. Anawathira pakhosi. Goloboyi anagwira mkono wamanja n'kukoka ndi mphamvu zake zonse za kubutchala.

"Dzukani, aphunzitsi! Palibe chathyoka!"

Anthu atamva anaseka, n'kuyamba kuimba, "Dzuka! Dzuka! Dzuka!" Anawaimiritsa, wina uku wina uku, n'kumawayendetsa m'mbali mwa bwalo kuti magazi ayende, mwendo ukukwekwerezeka m'fumbi. Anthu ankawomba m'manja. Kenako anawakhazika pa benchi, kuwatsamiritsa pa Goloboyi, mpira n'kupitirira.

"Pakamwa panali patapotoka," anandiuza Goloboyi. "Koma akulu, inu mukuwadziwa. Tikamaluza pakamwa pawo pankakhala chomwecho. Tinkati akwiya."

"Sanalankhule?"

"Ndinawafunsa kuti aphunzitsi, pali vuto? Anati palibe. Ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye ine ndikanatani? Ine ndiwatsutse a Dzuka?"

Mlongo wanga ankachapa kuseri kwa nyumba. Nyimbo ija anaimva. Poyamba sanaisamale, poti ankaimva chaka ndi chaka. Koma mnyamata akagwa inkatha msanga, ndipo iyi inatalika. Anamvetsera, anamva mpira ukupitirira, anati mwina ndi maganizo chabe. Anatsukuluza zovala, anayanika. Kenako mtima unakana. Anadutsa pa kachipata manja ali onyowa.

Anawapeza pa benchi, malaya atanyoweratu, malovu akutsika mbali imodzi.

"Mwawathira madzi?"

"Eya, amayi," anatero Kapiteni.

"Ndiye adzuka?"

Mlongo wanga analoza m'mbali mwa bwalo.

"Galimoto ili apoyo ndi ya ndani? Kapena nayonso mukudikira kuti idzuke yokha?"

Dokotala sanazungulire. Inali sitiroko. Anafunsa kuti agwa nthawi yanji, ndipo atauzidwa anangoyang'ana pansi. Anati pa matenda amenewa nthawi imene munthu wachedwa ndi imene imadya ziwalo. Mbali yakumanja inali itafooka yonse, kuyambira pakamwa mpaka kuphazi. Mwana wawo anabwera, anakhala masiku angapo, anawasambitsa, anawadyetsa. Tsiku lonyamuka anaima kumiyendo kwa bedi nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti anena kanthu. Anangokonza bulangete n'kutuluka.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera, amodziamodzi. Atatulutsidwa, kunyumba kunayamba kubwera mayi wa mafizo, amene ntchito yake inali kuwongola mkono ndi mwendo kuti ziyambenso kugwira. Anali wamfupi, wosasekaseka. Tsiku loyamba ananena momveka.

"Agogo, ine ndilibe maso oonera m'kati mwa thupi. Ndikamapinda, inu ndi amene mundiuze poimira. Pakapweteka munene."

"Palibe."

"Sindinayambe n'komwe."

Anayamba. Anakweza mkono, a Dzuka chete. Anakwezanso, chete, thukuta lili kamukamu pamphumi. Apa? Palibe. Nanga apa? Palibe. M'mawa mwake phewa linali litatupa, malaya osalowa. Mayiyo anapirira maulendo angapo, kenako anaitanira mlongo wanga pakhonde.

"Mayi, bambowa akundinamiza. Ndikapitiriza chonchi ndiwavulaza. Ndikasiya, mkono uuma, mwendo uuma, ndiye muziwanyamula mpaka tsiku lomaliza. Akapanda kunena popweteka, ntchito yanga yathera pano."

Mlongo wanga anawachonderera. Anawakalipira. Anawauza kuti msana wake sungathe kunyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa m'mawa ndi madzulo. Iwo anamvetsera zonse n'kunena kuti mayi wa mafizo ali ndi manja ofewa, sapweteka munthu.

Apo n'kuti anyamata awo akubwera tsiku ndi tsiku. Ankabwera ndi mtima wabwino. Wina zipatso, wina sopo, wina wailesi yoti azimverapo mpira. Koma akangolowa pabalaza nkhani inali imodzi. "Aphunzitsi, lero tiyenda! Tiyeni!" Awiri n'kuwagwira m'khwapa, kuwayendetsa kuchokera pa sofa mpaka pa chitseko, enawo akuwerengera mokuwa ngati ali pa bwalo. A Dzuka ankaluma mano n'kumayenda, poti pamaso pa anyamata awo sakanachitira mwina. Alendo akapita, ankagona osadya, atayang'ana kukhoma.

Mlongo wanga anagula loko n'kutseka geti. Woyamba kulipeza lotseka anali Kapiteni.

"Amayi, ife ndi ana awo."

"Mwana wawo ndinabereka mmodzi. Inu ndinu timu."

"Tikungofuna kuwalimbikitsa."

"Munawalimbikitsa kale pa benchi paja. Zakwana."

Kapiteni anagwira zitsulo za geti. Ndi munthu wamkulu, ali ndi imvi zake, koma analira ngati mwana wa fomu wani.

"Anatiphunzitsa okha, amayi. Tinachita zimene anatiphunzitsa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukutukwanani. Ndangotseka geti."

A Dzuka anamva zonse pa windo. Mkazi wawo atalowa ananena mawu atatu, movutikira koma omveka: "Mwandithamangitsira ana anga." Kuyambira pamenepo anasiya kumulankhula. Ankalandira tiyi osathokoza. Masana, phokoso la mpira likayamba kuseri kwa mpanda, ankatembenuzira khutu kumeneko, mlongo wanga n'kupita kukakhala kukhitchini. Ndikapita kukawaona ndinkapeza anthu awiri m'zipinda ziwiri, wailesi ikulankhula yokha pakati pawo.

Phazi lakumanja linkagwa, nsapato iliyonse n'kumavuka. Wa mafizo anati pafunika nsapato yogwira mpaka mu akakolo, ya lamba m'malo mwa zingwe. Mlongo wanga anatumiza uthenga kwa Mphezi, ndipo ameneyo anamutsegulira geti. "Uyu sanganyamule munthu," anandiuza. Tsiku limenelo ndinali pabalaza.

Analowa ndi kachikwama ka zida, anapereka moni, anayang'ana pansi pamene panali phazi. Kugwada sangathe. Anagwira mkono wa sofa, anatsika pang'onopang'ono, n'kukhala pa simenti mwendo atautambasula patsogolo penipeni pa mlamu wanga. Ulendo uno kunalibe msewu kapena denga loyang'ana. Khosi lawo silinkatembenuka bwino.

"Aphunzitsi, mwalowa timu yathu tsopano. Ife timasewera ndi mwendo umodzi, koma sitinaluzepo, poti palibe amatiitana."

A Dzuka anayesa kuseka, mbali imodzi.

Mphezi anayeza phazi ndi kachingwe, n'kuliika pa katoni kuti alijambule. Atagwira chidendene, a Dzuka anadzidzimuka.

"Pakupweteka?"

"Palibe."

"Chabwino. Koma ndikasoka yothina musadzandinene kwa anthu. Kasitomala wosalankhula ndimamuopa ine. Amatenga nsapato, kuthokoza, n'kukaiponya pansi pa bedi." Anapitiriza kuzunguliza pensulo. "Langali limapweteka. Kukachita mitambo limayamba lokha mvula isanagwe. Akazi anga akafuna kuyanika zovala sayang'ana kumwamba, amafunsa ine."

Ananena ngati akunena za munthu wina. Mutu sanadzutse.

"Kuyambira... lija?" anafunsa a Dzuka.

"Kuyambira lija. Koma tinawina, aphunzitsi. Chikho chija si chilipo?"

Atamaliza analongedza zida n'kuyamba ntchito yoimirira. Ndinamupatsa dzanja, anakana. "Ayi akulu, ndili ndi njira yanga." Anatembenukira chammbali, anatsamira chigongono pa sofa, anakoka mwendo wabwino, anapuma, anadzikankha. Zinatenga nthawi. Mlamu wanga anaonerera zonsezo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ulendo uno sananene kuti dzuka.

Wa mafizo atabweranso anati akuyesa komaliza. Mlongo wanga anaima pa chitseko cha kuchipinda atapinda manja. Mayiyo anakweza mkono pang'ono. Chete. Anakwezanso.

"Faulo," anatero a Dzuka.

Mayiyo anaima. "Mwati bwanji, agogo?"

"Faulo. Pamenepo."

"Oho. Ndiye tizimvana choncho." Anatsitsa mkono, anagwira pena. "Apa?"

"Sewerani."

"Nanga apa?"

"Faulo. Khadi lofiira."

Tsiku lomwelo anawatumiza kuti akajambulidwe phewa. Linapezeka kuti linaguluka, ndipo linakhala choncho kuyambira tsiku la pa bwalo lija. Nthawi yonseyi anthu ankawakweza m'khwapa ndi kuwapinda mkono umenewo. Mlongo wanga sananene kwa aliyense kuti linali dzanja la ndani limene linakoka mkonowo. Goloboyi anadziwa yekha, ndipo kuyambira pamenepo sapita kukaonera mpira.

Madokotala anachita zimene akanatha. Mkono sunabwerere. Unauma uli chipindire pamimba. Mwendo unamvera pang'ono, ndipo ndi nsapato ya lamba ndi ndodo ankafika okha kubafa ndi pakhonde. Anyamata awo mlongo wanga anawalola kubweranso, mmodzimmodzi, pa lamulo loti akhale pansi manja ali m'matumba. Ambiri sankadziwa chokamba atakhala chomwecho, ndipo sankachedwa.

Kwa wa mafizo anapitiriza ndi faulo wawoyo mpaka kumapeto. Mawu enieniwo anawasungira mkazi wawo. M'mawa wina akuwamanga mabatani a malaya, anamugwira ndi dzanja lamanzere.

"Mayi, takhalani pansi."

Anakhala pa bedi.

"Phewali likupweteka."

"Ndikudziwa, bambo."

"Mutu. Kunkhongo kuno. Unayamba ndisanapume ntchito."

"Nawonso ndikudziwa."

Koma sanathere pomwepo. Anatchula msana, umene unayamba chaka chimene ananyamula mitengo ya magolo. Anatchula dzino la kunsi kumanzere, limene ankatafunira mbali inayo kuti asalikhudze. Anatchula chala cha kuphazi chimene chinathyoka n'kupola chokhota. Anatchula diso lakumanja, kuti linayamba kalekale kuona ngati muli utsi, ndipo mayeso a ana ankachonga ndi diso limodzi. Ankanena pang'onopang'ono, lilime likulemera, akuloza malo amodziamodzi.

"Diso linayamba liti?"

"Mwana asanakwatiwe."

"Dzino?"

"Kale kuposa pamenepo."

Mlongo wanga anamaliza mabatani onse, anawongola kolala, n'kupita kukhitchini. Oyandikana nawo amati m'mawa umenewo mapoto analira ngati mwalowa ng'ombe. Mbale imodzi inasweka. Masana anatulukira kwathu, maso ali psuu, osati ndi misozi.

"Si zimene munkafuna, achemwali?" ndinamufunsa.

"Ndinkafuna andiuze ndili ndi chochita nazo. Diso likanachiritsika. Mutu ukanachiritsika. Ndinkagona nawo bedi limodzi munthu akutafunira mbali imodzi, ine n'kumati nyama ndaphika yolimba. Lero akundithira zonse pamiyendo. Nditani nazo, achimwene? Ndiziike m'kabati?"

Anamwa madzi, anakhala pang'ono, n'kunyamuka poti nthawi ya mankhwala inali itakwana.

Pa zonse anatchulazo, chimene chinali chotheka chinali dzino lokha. Sabata yotsatira tinawakweza galimoto kupita nawo kwa dokotala wa mano. Analiyang'ana, anapukusa mutu, analizula. Pobwerera mankhwala oletsa ululu anayamba kutha mphamvu, ndipo mlamu wanga anadandaula njira yonse, thonje lili m'kamwa, kuti likupweteka, likupweteka kwambiri, dokotala uja ndi wosaphunzira. Dalaivala anafuna kuwalimbitsa mtima. Mlongo wanga anamugwira paphewa kuti akhale chete.